Ken Gampu: mafilimu ake opambana ndi ofooka

DURBAN, South Africa – M'mwezi wa July 2014, chionetsero cha mafilimu cha Durban International Film Festival chidaonetsa filimu yotchedwa Joe Bullet, imene idakhala itabisika kwa zaka pafupifupi 40. Chionetserochi, chomwe chidayamba mu 1979, chidakumbutsa anthu za Ken Gampu, mmodzi mwa anthu akuda oyambirira a ku South Africa kutchuka pa kanema m'maiko akunja. Nkhaniyi ikusanja mafilimu ake odziwika, kuyambira opambana kufikira ofooka, ndipo ikufotokoza chifukwa chake iliyonse yaikidwa pamene ili.

Kodi Gampu adali yani?

Gampu adabadwa mu 1929 ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, ndipo adamwalira mu 2003 ku Vosloorus. Asanayambe zisudzo adagwirapo ntchito ya upolisi, yotanthauzira zilankhulo ndiponso yophunzitsa masewero olimbitsa thupi. Mu 1958 adasewera nawo m'sewero la Athol Fugard lotchedwa No-Good Friday. Adali wamtali, wa mawu aakulu, ndipo opanga mafilimu adaona msanga kuti thupi lake liyenerana ndi nkhani za nkhondo ndi ndewu.

Ntchito yake yambiri adaigwira pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho. Mu 1975, kuti asewere ngati Lennie m'sewero la Of Mice and Men pamodzi ndi azungu, padafunika chilolezo cha boma. Choncho posanja mafilimu ake sitingangofunsa ngati filimu ndi yosangalatsa. Pano tatsata mfundo zitatu: kukula kwa gawo limene adapatsidwa, ulemu umene filimuyo ikupereka kwa munthu wa mu Africa, ndi luso la kapangidwe kake.

Opambana

1. Joe Bullet (1973)

Wotsogolera filimuyi adali Louis de Witt, ndipo mwini wake adali Tonie van der Merwe, yemwe kale adali ndi kampani ya zomangamanga. Nkhani yake ndi ya timu ya mpira ya Eagles, imene zigawenga zikuiopseza kutatsala masiku ochepa kuti isewere ndime yomaliza ya chikho. Atsogoleri a timuyo aitana Joe Bullet, katswiri wa karate ndi mfuti, kuti athane ndi adaniwo. Woimba wotchuka Abigail Kubeka ndiye adasewera gawo lalikulu la mkazi.

Filimuyi idaonetsedwa kawiri kokha m'holo ya kanema ya Eyethu ku Soweto, kenaka boma lidailetsa. Akuluakulu oona za mafilimu sadafune kuti anthu aone munthu wakuda wonyamula mfuti, woyendetsa galimoto yapamwamba, wodziweruzira yekha milandu popanda mzungu womulamula. Kampani ya Gravel Road ya ku Cape Town ndiyo idakonzanso filimuyi, ndipo itaonetsedwa ku Durban mu 2014, idakaonetsedwanso ku Berlin mu 2015.

Pa luso la kapangidwe, Joe Bullet ili ndi zofooka zoonekeratu: ndalama zidali zochepa, mawu sagwirizana bwino ndi milomo, ndipo ndewu zina n'zosakhutiritsa. Komabe ili pamwamba chifukwa muno Gampu sali wantchito, wolondolera njira kapena mdani wa wina aliyense. Nkhani yonse yatsamira pa iye, ndipo akuisenza mosavutika.

2. The Naked Prey (1965)

Iyi ndiyo filimu yopangidwa mwaluso koposa mwa onse amene Gampu adasewera. Cornel Wilde adaitsogolera komanso kusewera gawo la mzungu wolondolera alenje a njovu. Alenjewo atanyoza anthu a m'mudzi wina pokana kupereka mphatso, agwidwa ndi kuphedwa. Wolondolerayo amuvula zovala, namupatsa mwayi woti athawe, asilikali a mfumu ali pambuyo pake. Gampu ndiye mtsogoleri wa asilikaliwo.

Mawu olankhulidwa m'filimuyi ndi ochepa kwambiri, motero Gampu adayenera kuonetsa mkwiyo, chisoni pa anzake ophedwa ndi kutopa kudzera m'nkhope ndi m'mayendedwe. Pamapeto, wothawayo atapulumuka, awiriwo apatsana sawatcha ngati amuna olingana. Olemba nkhani yake adaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Oscar. Chimene chaitsitsa pa nambala yachiwiri n'chakuti zithunzi za kuphedwa kwa alenje zikuonetsa anthu akuda ngati ankhanza, ndipo woonera amakakamizika kuima kumbali ya mzungu.

3. Dingaka (1964)

Jamie Uys ndiye adapanga filimuyi. Gampu akusewera ngati Ntuku, bambo amene mwana wake wamkazi waphedwa chifukwa cha malangizo a sing'anga. Ntuku atsata wakuphayo mpaka ku Johannesburg, kumene agwidwa ndi kuimbidwa mlandu m'khoti la azungu. Stanley Baker ndiye loya womuimirira, ndipo Juliet Prowse ndi mkazi wa loyayo.

Funso la filimuyi n'lodziwika kwa owerenga ambiri m'chigawo chino: kodi chilungamo chili kuti pamene mwambo wa makolo ndi malamulo a boma zasemphana? Gampu akuonetsa bwino munthu wosweka mtima amene sakumvetsa chifukwa chimene iye, wolakwiridwa, ndiye ali m'ndende. Chofooka chake n'chakuti theka lachiwiri likutaya nthawi pa mavuto a m'banja la loya, ndipo yankho la nkhani likuchokera kwa mzungu. Ngakhale zili choncho, Dingaka ndiyo idatsekulira Gampu njira ya ku Hollywood.

4. Zulu Dawn (1979)

Filimuyi, yotsogoleredwa ndi Douglas Hickox, idajambulidwa m'chigawo cha Natal, chimene tsopano ndi mbali ya KwaZulu-Natal. Ikufotokoza nkhondo ya ku Isandlwana ya pa 22 January 1879, pamene asilikali a Mfumu Cetshwayo adagonjetsa gulu la nkhondo la Britain. Burt Lancaster ndi Peter O'Toole ndiwo adali maina aakulu, Simon Sabela adasewera ngati Cetshwayo, pamene Gampu adali nduna Mantshonga. Gawo lake n'laling'ono, koma filimuyi ikuonetsa Azulu ngati fuko lokhala ndi boma, akazembe ndi nzeru za nkhondo, ndipo ikunena poyera kuti akuluakulu a atsamunda ndiwo adaputa nkhondoyo.

Apakatikati

5. Death of a Snowman

Filimu ya m'zaka za m'ma 1970 imeneyi ikuonetsa Gampu ngati mtolankhani Steve Chaka, amene akugwirizana ndi wapolisi wachizungu, woseweredwa ndi Nigel Davenport, pofufuza imfa za zigawenga mu Johannesburg. Idatengera kalembedwe ka mafilimu a anthu akuda a ku America a nthawi imeneyo. Nkhani yake njosokonekera, komanso sikhudza konse za tsankho, koma gawo la Gampu n'lalikulu ndiponso laulemu.

6. The Gods Must Be Crazy (1980)

Mwa mafilimu onse a pa mndandandawu, iyi ndiyo idaoneredwa ndi anthu ambiri. Gampu akuoneka kwa mphindi zochepa ngati pulezidenti amene zigawenga zikufuna kumupha pa msonkhano wa nduna. Filimuyi ndi ya N!xau ndi botolo lake la Coca-Cola, osati ya Gampu. Otsutsa adaidzudzula kuti ikuonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa za dziko, ndi maboma a anthu akuda ngati chinthu choseketsa.

7. The Wild Geese (1978)

Richard Burton, Roger Moore ndi Richard Harris akusewera ngati asilikali aganyu otumidwa kukapulumutsa mtsogoleri wa dziko lina la mu Africa, woseweredwa ndi Winston Ntshona. Gampu ali ndi gawo laling'ono. Filimuyi idapangidwa bwino ndipo idapeza ndalama ku Britain, koma olimbana ndi tsankho adachita zionetsero zoikana chifukwa idajambulidwa ku South Africa. Mlangizi wake pa za nkhondo adali Mike Hoare, msilikali waganyu weniweni, amene mu 1981 adalephera kulanda boma la Seychelles nathawira ku Durban pa ndege ya Air India yolandidwa.

Ofooka

8. Kill and Kill Again (1981)

Iyi ndi filimu ya karate ya Ivan Hall, momwe James Ryan akusonkhanitsa anzake kuti akapulumutse wasayansi amene wapeza njira yopangira mafuta kuchokera ku mbatata. Okonda ndewu amaikondabe chifukwa cha nthabwala zake. Komatu Gampu, munthu amene adasewerapo Ntuku, muno adapatsidwa dzina loti Gorilla, ndipo ntchito yake ndi kuonetsa mphamvu basi.

9. American Ninja 4 (1990)

Anthu amene adakulira m'nyumba zoonetsera mavidiyo ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Harare amawadziwa bwino mafilimu a American Ninja. Yachinayi, ya Michael Dudikoff ndi David Bradley, ndi imodzi mwa mafilimu ambiri otsika mtengo amene makampani akunja ankajambula kum'mwera kwa Africa m'zaka zimenezo pofuna kuchepetsa ndalama zowononga. Nkhani yake njobwerezabwereza, ndipo Africa wangokhala bwalo lomenyeranapo alendo. Gawo la Gampu munthu angathe kulichotsa filimu osasintha.

10. King Solomon's Mines (1985)

Pansi penipeni pali filimu ya kampani ya Cannon, yotsogoleredwa ndi J. Lee Thompson ndipo yojambulidwa ku Zimbabwe. Richard Chamberlain ndi Sharon Stone ndiwo ali patsogolo, pamene Gampu ndi Umbopo, mwana wa mfumu amene akuyenda nawo ngati wantchito. M'buku la H. Rider Haggard la 1885, munthu ameneyu ndi mzati wa nkhani, koma m'filimuyi wasanduka wothandizira nthabwala. Choipitsitsa ndi chithunzi chimene anthu akuda akuponya azungu awiri mumphika waukulu kuti awaphike. Filimuyi idali ndi ndalama zambiri kuposa Joe Bullet, ndipo idajambulidwa m'dziko limene lidali litalandira kale ufulu mu 1980. N'chifukwa chake kulakwa kwake n'kovuta kukhululukira.

Chimene mndandandawu ukuonetsa

Mafilimu anayi apamwamba onse ndi a pakati pa 1964 ndi 1979, pamene atatu apansi ndi a pambuyo pa 1980. Luso la Gampu silidathe; chimene chidasintha ndi mtundu wa ntchito imene ankapatsidwa. Boma la tsankho lidatseka filimu imene ikadamukweza kwawo, ndipo makampani akunja ankafuna nkhope ya munthu wakuda yongodzazira malo. Wosewera wakuda wa nthawi imeneyo sadali ndi mwayi wosankha kwambiri: kukana gawo kudali kukana chakudya cha banja.

Amene akufuna kumudziwa Gampu ayambe ndi Dingaka kuti aone luso lake, The Naked Prey kuti aone mphamvu zake, ndi Joe Bullet kuti aone chimene boma lidaopa. Iye mwini adamwalira zaka 11 filimuyo isanaonetsedwe ku Durban.