Mawu a Inshuwalansi ya Ulendo: Kuchokera pa Likhubula Kukafika pa Sitima

Alendo ambiri okwera phiri la Mulanje amayambira pa Likhubula. Apa ndi pomwe pali ofesi ya zankhalango, pomwe munthu amakumana ndi womuperekeza komanso omunyamulira katundu, ndipo njira za Skyline ndi Chapaluka zokwera ku Chambe zimayambira pomwepa. Komatu mlendo wochokera ku Lilongwe, Johannesburg kapena Edinburgh amafika atawononga kale ndalama. Miyezi ingapo m'mbuyomo analipira ndege, malo ogona ndi dipoziti kwa okonza ulendo. Ena akatsika phiri amalunjika kunyanja kukakwera Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Chiperoni chikaphimba phiri, mwera ukakula panyanja, kapena mayi akadwala mwakayakaya kumudzi, ndalama zolipiridwa kalezo aluza ndani? Yankho lake lili m'mawu ochepa a m'chikalata cha inshuwalansi, chomwe ambirife timasayina tisanawerenge.

Maziko a inshuwalansi ndi nzeru yomwe makolo anaidziwa kale, yoti mutu umodzi susenza denga. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono m'thumba limodzi, ndipo ochepa omwe tsoka lawagwera amathandizidwa kuchokera m'thumbamo. Ntchitoyi inakulira pa nkhani za sitima zapamadzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, eni sitima ndi amalonda ankakumana m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd ku London n'kumagawana chiopsezo cha katundu wopita kutali, ndipo msika wa Lloyd's womwe ulipo mpaka lero unachokera pamenepo. Ndalama yomwe munthu amasonkha imatchedwa premium, pomwe chikalata cha mgwirizano wake ndi kampani ndi policy. Kampani simangidwa ndi zomwe wogulitsa walankhula pakamwa kapena zomwe zalembedwa pa chithunzi chotsatsa malonda. Imamangidwa ndi chikalatacho basi.

Mawu omwe amakopa ogula ambiri ndi cancellation, kutanthauza kulephereka kwa ulendo munthu asananyamuke. Apa ndi pomwe anthu amakhumudwa kwambiri, chifukwa amaganiza kuti ulendo ukangolephereka, ndalama zibwera. Si choncho. Chikalata chimatchula zifukwa zovomerezeka chimodzichimodzi: kudwala kapena kuvulala kwa mwini ulendo komwe dokotala waikira umboni, maliro kapena matenda aakulu a wachibale wapafupi, kuitanidwa kubwalo la milandu, nyumba kupsa kapena kukokoloka ndi madzi. Kusintha maganizo kulibemo, mantha kulibemo, ngakhalenso kuchepekedwa m'thumba. Mmalawi ayenera kuyang'anitsitsa tanthauzo la wachibale wapafupi. Kwa ife amalume, azakhali kapena msuweni yemwe tinakulira naye nyumba imodzi ndi anthu omwe maliro awo sitingawajombe, koma zikalata zambiri zimatchula mwamuna kapena mkazi, ana, makolo, abale a bere limodzi, agogo ndi apongozi, ndipo si zonse zomwe zimapitirira apo. Funsani musanalipire.

Ngakhale chifukwa chili chovomerezeka, kampani imabweza ndalama zokhazo zomwe munalipira kale ndipo simungazipeze kwina. Ngati malo ogona abweza theka, inshuwalansi imaona za theka lotsalalo. Ngati eni sitima ndiwo aimitsa ulendo, oyamba kubweza mtengo wa tikiti ndi iwowo. Ndiye pali nkhani ya nthawi yogulira. Inshuwalansi imateteza ku zosayembekezereka, choncho chinthu chikadziwika kale sichilowanso mumgwirizano. Namondwe wa Freddy anapatsidwa dzina kumayambiriro kwa Febuluwale 2023 ali kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja ya Indian yonse, ndipo anafika kummwera kwa Malawi pakati pa Malichi. Anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndi kudula misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena. Makampani ambiri amawerenga namondwe ngati chinthu chodziwika kuyambira tsiku lomwe wapatsidwa dzina. N'chifukwa chake tsiku loyenera kugula inshuwalansi ndi lomwe mwapereka dipoziti yoyamba, osati sabata yonyamuka. M'mayiko ena, makamaka ku America, amagulitsanso gawo lowonjezera lolola munthu kuimitsa ulendo pa chifukwa chilichonse. Limakwera mtengo, liyenera kugulidwa pasanathe sabata ziwiri kapena zitatu kuchokera pa dipoziti, ndipo kawirikawiri limabweza pakati pa theka ndi magawo atatu mwa anayi a ndalama.

Ulendo ukhozanso kudukira panjira. Munthu wafika ku Lichenya paphiri la Mulanje, wagona usiku umodzi, m'mawa foni yalira kuti kunyumba kwagwa zovuta. Uku ndi curtailment, ndipo kampani imalipira masiku omwe sanagwiritsidwe ntchito pamodzi ndi ulendo wobwerera mwadzidzidzi. Kuchedwa kuli ndi gawo lakelake, lomwe limayamba kugwira ntchito pakadutsa maola otchulidwa m'chikalata. Palinso gawo la wosiyidwa ndi sitima kapena ndege chifukwa basi inafa panjira kapena msewu unatsekeka, koma wochedwa kudzuka sawerengedwa. Amalawi okhala ku South Africa omwe amakwera sitima zikuluzikulu za MSC kuchokera ku Durban kupita ku Portuguese Island kapena Pomene ku Mozambique amakumana ndi nkhani ina. Maulendowa amachitika m'miyezi yotentha, yomwenso ndi nyengo ya anamondwe, ndipo mafunde akakula woyendetsa sitima ali ndi ufulu wodumpha doko. Inshuwalansi wamba salipira zimenezi. Pamafunika gawo lapadera la maulendo apasitima, lomwe limaperekanso kangachepe kwa munthu yemwe dokotala wamutsekera m'chipinda chake chifukwa cha matenda opatsirana.

Tsamba lofunika kuposa onse ndi la exclusions, mndandanda wa zomwe kampani sidzalipira. Pamwamba pake pamakhala matenda omwe munthu anali nawo kale, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena vuto la mtima. Kudwala matendawa sikuletsa munthu kugula inshuwalansi, koma kuwabisa kumapha mgwirizano wonse, pakuti inshuwalansi imayima pa kuulula zoona mbali zonse ziwiri. Ngozi yochitika munthu ataledzera imakanidwanso. Miliri nayo inalowa m'zokambirana kuyambira Febuluwale 2020, pamene sitima ya Diamond Princess inaimitsidwa pa doko la Yokohama ku Japan ndipo anthu oposa 700 omwe anali m'menemo anapezeka ndi Covid-19. Apaulendo ambiri chaka chimenecho anazindikira mochedwa kuti zikalata zawo sizinkalipira ulendo wolephereka chifukwa boma latseka malire.

Kwa wokwera Mulanje pali mzere umodzi womwe sayenera kuudumpha. Zikalata zambiri zimaika malire a kutalika komwe munthu angakwere ali wotetezedwa, zina mamita 2,000, zina 2,500, zina 3,000. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Munthu akhoza kukhala wotetezedwa pogona m'kanyumba ka Chisepo m'munsi mwa nsongayo, koma osatetezedwa akamafika pansonga m'mawa mwake. Zikalata zina zimafunanso kuti wokwerayo akhale ndi womuperekeza ndipo asachoke m'njira zodziwika, pomwe kukwera thanthwe la Chambe ndi zingwe kumaikidwa m'gulu la masewero oopsa omwe amalipiridwa padera.

Malamulowa sanalembedwe mwachabe. Mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira zachuma, anasowa pa Sapitwa, ndipo thupi lake linapezeka patadutsa pafupifupi sabata zitatu. Phirili ndi la miyala yoterera ndi chifunga chobwera mwadzidzidzi, ndipo kuzizira kwake kumapha. Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu zitatu zomwe anthu amaziphatikiza. Kufunafuna wosowa ndi gawo lina, ndipo zikalata zambiri sizilipira. Kusamutsa wovulala ndi gawo lachiwiri, kuyambira pa machira omwe anyamata amatsika nawo phiri, galimoto yopita ku Mulanje Mission kapena chipatala cha boma cha Mulanje, kenako ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mwinanso ndege ya odwala yopita ku Johannesburg. Gawo lachitatu ndi mtengo wa chithandizo chenichenicho, komanso kubweza thupi kwawo ngati zavuta. Ndalama zikachepa, ndi bwino kuika patsogolo magawo awa kusiyana ndi la katundu wotayika.

Pa malipiro pali mawu awiri oyenera kuwadziwa. Excess ndi ndalama yoyamba yomwe mwini amadzilipirira yekha pa vuto lililonse kampani isanayambe kulipira, ndipo premium ikatsika mtengo kwambiri, nthawi zambiri excess imakhala yokwera. Limit ndi pomwe kampani imalekezera. Ngati ulendo wonse unadya ndalama zoposa malire a cancellation, zapamwambazo ndi zanu. Onaninso mtundu wa ndalama womwe walembedwa. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe analipira sitima m'madola koma chitetezo chake chili m'makwacha akanabwezeredwa zosakwanira. Opita ku Ulaya adziwenso kuti inshuwalansi ya mayuro 30,000 yomwe imafunika pa viza ya Schengen ndi ya zachipatala, ndipo siitanthauza kuti tikiti yolephereka idzabwezedwa.

Vuto likachitika, munthu amapanga claim, pempho loti alipiridwe, ndipo apa umboni ndiwo umalankhula. Pamafunika malisiti, kalata ya dokotala, chikalata cha imfa, lipoti la apolisi ngati katundu wabedwa, ndi kalata ya okonza ulendo yonena zomwe abweza ndi zomwe sabweza. Kampani iyenera kudziwitsidwa msanga, makamaka munthu asanasamutsidwe kupita kuchipatala chakutali. Kuno kwathu makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo wosakhutira ndi yankho la kampani akhoza kukadandaula kumeneko.

Pali anthu ena omwe zikalata zonsezi siziwatchula. Mlendo akalephera kubwera, woperekeza ndi onyamula katundu a pa Likhubula amakhala atakana kale ganyu wina, atasiya munda kapena ntchito ya tiyi, akuyembekezera masiku angapo a malipiro. Iwo alibe kampani yowabwezera. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, ndipo tikuyembekeza kuti alendo achuluka. Ino ndi nthawi yoti operekeza alendo, eni malo ogona ndi okonza maulendo azilemba momveka bwino kuti dipoziti ndi zingati, imabwezedwa mpaka liti, ndipo ndi gawo lanji lomwe limapita kwa anyamata a paphiri ulendo ukalephereka. Azipereka lisiti nthawi zonse. Mlendo wogula inshuwalansi yoyenera adzatenga pepalalo n'kukabwezeredwa ndi kampani yake, ndipo sadzakhalanso ndi chifukwa cholimbanirana dipoziti ndi munthu yemwe amadalira ndalamayo kuti agule ufa.