CIMFINE CA 1918 NDI MANTHA A AMWENYE

Usiku uno tikambe za dziko la India, kwao kwa Amwenye, ndi za caka ca 1918, pamene cimfine cacikuru cinapha anthu oposa mamiliyoni 12 m'dziko limenelo pa miyezi yowerengeka. Palibe dziko lina limene linataya anthu ambiri cotero. Tiona umo anthu anaopera, ndi kumene mantha ao anacokera.

Tiyambe ndi caka ca 1896, pamene caola ca makoswe cinalowa m'mzinda wa Bombay, umene lero uchedwa Mumbai. Boma la Angerezi, limene linali kulamulira India, linaika lamulo la miliri mu 1897. Asilikari anali kulowa m'nyumba kufunafuna odwala, nawatengera ku zipatala ndi ku misasa mwa mphamvu. Zobvala ndi zofunda zinatenthedwa, ndipo akazi, amene mwa mwambo wao sanali kuonekera kwa alendo, anapimidwa ndi amuna acilendo. Anthu anayamba kubisa odwala ao, ndipo ena ambirimbiri anathawa mumzinda. Ku Poona mkwiyo unakula kotero kuti pa 22 June 1897 abale a banja la Chapekar anaombera ndi mfuti W. C. Rand, mkuru wa nchito yoletsa caola, ndipo iye anamwalira patapita masiku ocepa. Akuru athu amati, ukalumidwa ndi cakuda umaopa ndi khala lomwe. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anayesa cipatala ca Boma malo oopsya koposa nthenda.

Tsono mu June 1918 apolisi ena a pa doko la Bombay anadwala malungo acilendo. Dokotala wamkuru wa mzinda, J. A. Turner, anati nthendayo inadza ndi zombo zocokera ku nkhondo. Koma akuru ena a Boma anati inabadwira m'ubve wa Amwenye eni ace. Mau amenewa anawawa mitima ya anthu, pakuti munthu wolira maliro safuna kuuzidwa kuti wadzipha yekha.

Nthendayo inakhala ngati yazirala, koma mu September inabweranso ndi ukali. Pa 6 October anthu 768 anafa m'Bombay tsiku limodzi. Njanji zinaifikitsa ku midzi yakutali, kumene kunalibe dokotala. Inali kusankha anthu a mphamvu, a zaka 20 kufikira 40, ndipo akazi anafa ambiri koposa amuna, pakuti ndiwo anali kudwazika matenda, ndiponso anali kudya pambuyo pa onse. Caka comweco mvula inakana, cakudya cinakwera mtengo, ndipo nthenda inapeza matupi ofoka ndi njala.

Cimene cinasweratu mitima ndi ici. Ahindu amatentha mitembo ya abale ao, ndipo amauyesa mwambo wopatulika. Koma nkhuni zinasowa, ndipo mitembo yambiri inaponyedwa m'mitsinje, ngakhale mu Ganges momwe. Mlakatuli Nirala anataya mkazi wace ndi abale ena ambiri. Gandhi anataya mpongozi wace, mkazi wa mwana wace Harilal, pamodzi ndi mdzukulu.

Madokotala a masiku amenewo sanadziwe cimene cinali kupha anthu, pakuti kacirombo ka cimfine, kochedwa vairasi, kanapezeka ku London mu 1933. Mankhwala ocizira panalibe. Akuru a Boma anali ku Simla, ku mapiri kozizira, ndipo manyuzi a Amwenye anadandaula kuti anthu asiyidwa okha. Amene anathandiza kwambiri anali anthu odzipereka, monga a Social Service League a ku Bombay, amene anagawa mankhwala, mkaka ndi zofunda, nanyamula akufa. Banja limene kale linatsekera msilikari citseko linatsegulira mnansi. Akuru athu kuno anaciona cimfine comweci kumapeto a 1918, nyengo imene asilikari ndi atengatenga anali kubwerera ku nkhondo. Ku India, pamene anthu anawerengedwa mu 1921, m'madera amene lero ndi dziko limenelo munapezeka anthu ocepa koposa mu 1911.

Patapita zaka zoposa 100, nthenda ya COVID-19 inafika. Pa 24 March 2020 nduna yaikuru, Narendra Modi, inalamula kuti anthu onse akhale m'nyumba masiku 21, ndipo anthu anapatsidwa maora anai okha okonzekera. Lamulo lija la 1897 linagwiranso nchito. Anchito osauka a m'mizinda, poona kuti malipiro atha ndi sitima zaima, anayenda pansi mamailo mazanamazana kunka kwao, pakuti anaopa njala koposa nthenda. Mu April ndi May 2021 mpweya wothandiza odwala kupuma unasowa m'zipatala, ndipo mitembo inaonekanso mu Ganges.

Mbiri iyi itiphunzitsa kuti munthu pa mliri saopa imfa yokha. Aopa njala, aopa kulandidwa wodwala wace, aopanso kuti mbale wace sadzalandira mwambo wa maliro. Wolamulira amene afuna kuti anthu amvere malamulo a umoyo ayenera kuyamba wayankha nkhawa zitatu zimenezi.