Mgwirizano Wodalira Chochitika cha M'tsogolo: Zofunika Kudziwa kwa Alimi ndi Amalonda

Unduna ukukumbutsa alimi, amalonda ndi anthu onse kuti si mgwirizano uliwonse umene umamanga mbali zonse tsiku lomwe wasainidwa. Mgwirizano wina umadikira chinthu chimene chingachitike kapena ayi. Mwachitsanzo, wogula angalonjeze kutenga matumba 200 a soya pokhapokha atapatsidwa chilolezo chotumizira mbewuyo kunja. Wogulayo ayenera kuyesetsa kupeza chilolezocho; akakanizidwa popanda vuto la iye mwini, mgwirizanowo watha ndipo palibe wolipira mnzake chipukutamisozi.

Pa nkhani za mgwirizano, makhoti a m'dziko muno amatsatira kwambiri mfundo zochokera ku malamulo a ku England.

Zosatheka kuyambira pachiyambi

Mgwirizano wodalira chinthu chosatheka ndi wopanda mphamvu. Lamulo la Sale of Goods Act limati ngati katundu yemwe anagwirizana anali atawonongeka kale wogulitsa asakudziwa, malondawo palibe. Pa mlandu wa Couturier ndi Hastie mu 1856, mbewu yomwe inagulitsidwa ku London inali itagulitsidwa kale ku Tunis chifukwa inayamba kuwonongeka m'sitima. Khoti linagamula kuti wogula asalipire.

Zosatheka zobwera pambuyo

Mu 1876, pa mlandu wa Howell ndi Coupland, mlimi analonjeza matani 200 a mbatatesi yochokera m'munda wake, koma matenda anagwira mbewuyo nakolola pafupifupi matani 80 okha. Khoti silinamupeze wolakwa pa zotsalazo, popeza onse anagwirizana za zokolola za mundawo. Koma amene walonjeza mbewu osatchula munda ayenera kukaigula kwina, ngakhale kugwe chilala.

Kukwera kwa mtengo wa feteleza, kugwa kwa kwacha kapena kupezeka kwa wogula wina wa mtengo wabwino sizimasula munthu ku lonjezo lake. Lamulo limayang'ana chosatheka, osati chowawa m'thumba.

Malangizo

Alimi ndi amalonda akulangizidwa kuti, asanasaine, alembe momveka chinthu chimene mgwirizano ukudikira ndi tsiku lomaliza kudikira. Atchule munda kapena nkhokwe yochokera katundu, ndiponso agwirizane za ngongole ya zipangizo zaulimi ndi ndalama zolipiriratu ngati kutagwa chilala, madzi osefukira kapena mliri wa mbewu. Amene sakumvetsa mawu ena afunse kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau asanaike chidindo.