Mawu a mlimi wa soya m'dziko la fodya

Munthu akafuna kudziwa chifukwa chake mlimi wa soya wa ku Santhe kapena ku Chamama amavutika kuti amvedwe ku Lilongwe, ayenera kuyambira pa fodya, pakuti ku Kasungu zonse za mabungwe a alimi zidabadwira m'chigafa.

Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iziyang'anira fodya wa anthu akuda m'chigawo chapakati. Patangopita zaka zitatu, mu 1929, eni minda ikuluikulu adapanga bungwe lawo, lomwe lero timalidziwa kuti TAMA. Kusiyana kwake nkofunika kukuona bwino: bungwe la eni maesiteti linali lowayankhulira, pomwe la mlimi wamng'ono linali lomulamulira. Bodi ija idasintha mayina kangapo, mu 1962 nkukhala Farmers Marketing Board, mu 1971 nkukhala ADMARC, koma mtengo unkachokerabe kumwamba.

M'nthawi ya Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, chigwa cha Kasungu chidadzaza maesiteti. Press Farming ndi General Farming adatenga malo aakulu, ndipo Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority inkalera alimi osankhika ochepa. Lamulo la mbewu zapadera lidaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale, kotero ambiri adakhala matenanti. Nanga soya anali kuti masiku amenewo? Analipo, koma ngati mlendo wogona pakhonde. Akatswiri a ku Chitedze ankamuyesa, alangizi ankamutchula pophunzitsa kasinthasintha wa mbewu, ndipo amayi adamudziwira m'phala la ana, makamaka la Likuni. Palibe ankaganiza kuti mbewu ya phala ingafune woiyankhulira.

Zinthu zidatembenuka kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kulima bale. Adapanga makalabu kuti fodya wawo afike ku okushoni, ndipo makalabuwo atalumikizana kudabadwa NASFAM mu 1997. Apa ndi pomwe mlimi wamba adapeza bungwe lomwe atsogoleri ake amadzisankhira yekha. Mitengo ya fodya itayamba kugwagwa, mabungwe omwewa adayamba kukopa mamembala awo kuti alime mtedza ndi soya. Mu 2003 kudabwera Farmers Union of Malawi, ambulera ya mabungwe a alimi, yomwe imakhala pagome ndi Unduna wa Zamalimidwe pokambirana za bajeti ndi malamulo. Motero soya adalowa m'bwalo ataberekedwa pamsana pa fodya.

Zaka zotsatira zidamukweza. Makampani oweta nkhuku ankafuna chakudya cha nkhuku zawo, oyenga mafuta ophikira ankafuna mbewu, ndipo nyama ya soya idafika m'magolosale a kumudzi. Mbewu za soya za Makwacha, Nasoko ndi Tikolore zidafalikira, yomalizayi itatulutsidwa mu 2011. Dothi la m'chigwa cha Kasungu lomwe fodya adalitopetsa lidamulandira bwino soya, chifukwa safuna feteleza wambiri, safuna nkhuni, ndipo amasiya chonde m'munda. Ndondomeko ya dziko yogulitsa katundu kunja ya 2013 mpaka 2018 idaika mbewu za mafuta pakati pa zinthu zitatu zodalirika.

Koma kukula kwa mbewu kudabweretsa mkangano womwe ulipo mpaka lero. Ogula akuluakulu ndi owerengeka, ali ndi maofesi m'tauni, ndipo amafuna soya wotsika mtengo. Alimi ndi ochuluka koma omwazikana, ndipo amafuna malire atseguke kuti ogula achuluke. Kangapo konse boma lakhala likuletsa kapena kuchepetsa kutumiza soya kunja, ndipo chiletso chikabwera nthawi yokolola, wolira ndi mlimi. Mabungwe a alimi pamodzi ndi bungwe la CISANET adalimbikira kuti ziletso zisamangodzuka ngati mvula ya mphepo, ndipo lamulo la Control of Goods la 2018 lidaika njira yoti itsatidwe boma lisanatseke malire. Chimenecho chinali chipambano chenicheni, ngakhale kuti pepala silifika pa sikelo. Chaka ndi chaka unduna umalengeza mitengo yoyambira, koma venda wokhala pansi pa mtengo pa Chatoloma amadziwa kuti mlimi akufuna fizi ya mwana lero lomwe, ndipo amagula mmene wafunira.

Mu 2021 alimi adalawa mtengo wabwino soya wambiri atapita ku India. Chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza dziko kuti tsogolo la fodya likuchepa ndipo alimi ayang'ane mbewu zina. Ambiri adamvera nkukulitsa minda. Mu 2022 kutumiza kunja kudavuta ndipo mtengo wa pakhomo udagwa. Mu 2023 matenda a chiwawu adawononga zokolola.

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu ali ndi lamulo lakelake, ali ndi Tobacco Commission, ali ndi msika wa Chinkhoma komwe belo lake limalembedwa dzina. Mnzake wa soya, yemwe kawirikawiri ndi munthu yemweyo atangowoloka mzere wa munda, ali ndi kalabu, kopaletivi ngati ilipo pafupi, ndi phungu yemwe akafika ku Nyumba ya Malamulo amayamba wafunsa za makuponi a feteleza wa chimanga.