Kodi mibadwo imasiyanadi pa ntchito? Zimene ofufuza apeza

M'maofesi ambiri mumamveka madandaulo a mbali ziwiri. Akuluakulu amati achinyamata sakhalitsa pa ntchito ndiponso salemekeza maudindo, pamene achinyamata amati mabwana amakakamira njira zakale. Akatswiri akhala akufufuza ngati kusiyanaku kumachokeradi ku m'badwo wa munthu kapena kuli ndi gwero lina.

Maziko a kafukufukuyu anaikidwa mu 1928 ndi Karl Mannheim, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wobadwira ku Hungary. Iye anaphunzitsa kuti kubadwa chaka chimodzi sikokwanira kupanga m'badwo. Chofunika n'chakuti anthuwo akumane ndi zochitika zazikulu zofanana ali achinyamata, monga nkhondo kapena kusintha kwa boma.

Mayina amene atchuka masiku ano anachokera ku America. Malinga ndi kagawidwe ka bungwe la Pew Research Center, a Baby Boomers anabadwa kuyambira 1946 mpaka 1964, a Generation X 1965 mpaka 1980, a Millennials 1981 mpaka 1996, ndipo a Generation Z anayamba kubadwa mu 1997. Dzina la Millennials linayambitsidwa ndi William Strauss ndi Neil Howe, amene analemba buku lotchedwa Generations mu 1991.

Vuto lalikulu la ofufuza ndi kulekanitsa zinthu zitatu: msinkhu wa munthu, nyengo imene akufunsidwa mafunso, ndi chaka chake chobadwa. Wogwira ntchito wa zaka 25 akamaganiza zosiya ntchito, mwina n'chifukwa choti alibe banja lodalira malipiro ake, mwina ntchito zikupezeka mosavuta chaka chimenecho, mwinanso ndi maganizo a m'badwo wake. Kufunsa achinyamata ndi akuluakulu tsiku limodzi sikungasonyeze chifukwa chenicheni pa zitatuzi. Njira yodalirika ndi kuyerekeza anthu a mibadwo yosiyana pamene anali pa msinkhu wofanana.

Jean Twenge ndi anzake anatsata njira imeneyi mu 2010. Anayerekeza mayankho a ophunzira omaliza sekondale ku America a mu 1976, 1991 ndi 2006, ndipo anapeza kuti a mu 2006 ankaika mtima kwambiri pa nthawi yopuma kuposa am'mbuyomo. Koma mu 2012 David Costanza ndi anzake atasanthula pamodzi zotsatira za kafukufuku wambiri, anapeza kuti pa nkhani ya kukhutira ndi ntchito, kudzipereka ku kampani ndi kufuna kuchoka, kusiyana kwa mibadwo n'kochepa, ndipo nthawi zambiri kulibiretu. Mu 2020 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine linanena kuti palibe umboni wokwanira woti magulu a mibadwo akhale maziko oyendetsera ogwira ntchito. Nalo bungwe la Pew linalengeza mu 2023 kuti lizisamala kwambiri pogwiritsa ntchito mayinawa.

Chinanso n'chakuti malire a zakawa amatsata mbiri ya America. Ku South Africa amatchula ena kuti born frees, kutanthauza obadwa ulamuliro watsankho utatha mu 1994. Ku Malawi chaka chomwecho chinabweretsa boma losankhidwa pa zipani zambiri komanso maphunziro aulere a pulayimale, zinthu zimene mayina a ku America sanena kanthu za izo.

Nkhaniyi imakhudza mkate wa anthu. Bwana wokhulupirira kuti achinyamata onse ndi osakhazikika akhoza kuwamana maphunziro a ntchito ndi kukwezedwa, ndipo wokhulupirira kuti achikulire sangaphunzire kompyuta akhoza kuwadumpha polemba ntchito. Umboni umene ulipo ukulozera koyang'ana luso, udindo ndi zosowa za munthu payekha, osati chaka chimene anabadwa.