Nyika: Mapiri a udzu omwe anali ndi eni ake

Kuchoka pa boma la Rumphi kukafika pa chipata cha Thazima, cholowera m'paki ya Nyika, pali makilomita pafupifupi 55, ndipo kuti munthu akafike ku Chelinda amakwera enanso 60. Pamwambapo mitengo imayamba kusowa, kumatsala zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene maso alekezera. Mbidzi, ntchefu ndi achilembwe amadya poyera, ndipo mu June ndi July udzu umacha utayera ndi chisanu. Alendo ambiri amatsikako akunena kuti aona dziko lomwe munthu sanalikhudzepo. Mbiri ya malowa siivomereza zimenezo.

Ku thanthwe la Fingira, ofukula zakale a m'zaka za m'ma 1960 adapeza mafupa a anthu ndi zida zamiyala za zaka zikwi zingapo zapitazo. Patadutsa mibadwo, Aphoka ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, zomwe zina zikadaima mpaka lero, ndipo makasu awo ankafika kutali pa malonda. Kukachita ng'amba, akuluakulu ankapita ku kanyanja ka Kaulime kukathira nsembe yopempha mvula, pokhulupirira kuti m'madzimo mumakhala njoka yaikulu. Phirili linali munda wawo, chipala chawo ndiponso kachisi wawo.

Atsamunda adaliona mosiyana. Mu 1948 adateteza kankhalango ka mitengo ya juniper. Chaka chotsatira mlembi Laurens van der Post adatumidwa kuchokera ku London kudzayendera malowa, ndipo buku lake la Venture to the Interior lidatchukitsa Nyika kunja. Kenaka bungwe la Colonial Development Corporation lidadzala paini ku Chelinda, cholinga chili chopanga mapepala. Mitengo idakula bwino, koma kuitsitsa phirilo kudali kokwera mtengo, ntchito n'kuthera panjira. Nkhalango ya paini yomwe alendo amagonamo lero ndi chotsalira cha malonda amene sadaphule kanthu.

Mu 1965, Malawi atangolandira ufulu, Nyika idakhala paki yoyamba m'dziko muno, pa dzina loti Malawi National Park. Dzina la Nyika lidabwerera mu 1969. Chaka chomwe anthu a ku Rumphi sachiiwala ndi 1978, pamene boma lidakulitsa pakiyo mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Midzi idasamutsidwa. Mabanja adasiya minda, manda a makolo ndi malo a nsembe, pa nthawi yomwe munthu sakadayerekeza kutsutsa lamulo la boma. Chete amene mlendo amamukonda lero adalipiridwa ndi anthu amenewa.

Sindikutanthauza kuti kuteteza Nyika kudali kulakwa. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe imayambira kumeneku, ndipo phirili likadakhala mbee, minda ndi mipopi ya kumunsi bwenzi zili pa mavuto. Kuli mitundu ya mbalame yoposa 400 ndi ya maluwa a chinaka yoposa 200, omwe amachita mdipiti nyengo ya mvula. Mu 2017 njovu 34 zidabweretsedwa kuchokera ku Liwonde, ndipo mu 2023 boma lidasainirana ndi Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi malo otetezedwa a Vwaza.

Komabe misampha ikutcheredwa, moto wolusa ukuyatsidwa, ndipo chinaka chikukumbidwa mozemba n'kukagulitsidwa mpaka ku Zambia. Msilikali wa nyama payekha sangathetse izi. Magulu a alimi a njuchi omwe amaloledwa kupachika ming'oma m'paki ndiponso bungwe la Nyika-Vwaza Association aonetsa kuti munthu amasamala chinthu chomwe akudyererapo. Chimene chikusowabe n'choti mlendo wopita ku chitunda cha Chosi kapena ku mathithi a Chisanga azimufikitsanso pa ng'anjo ndi pa mabwinja a midzi ija, ndipo womufotokozera, wolandiranso malipiro ake, akhale mdzukulu wa amene adachotsedwapo.