Mlandu wa Dziko la Palestine

M'makomboni a ku Redcliff, kumene Anyasa ambiri anakagwira nchito yosungunula citsulo, Akristu ndi Asilamu anagona m'nyumba zoyandikana, ndipo onsewo anadziwa dzina la Jerusalem. Koma mzinda umene onse aucitira ulemu wakhala pakati pa mlandu wosatha.

Ciyambi ca mlanduwo ndi lonjezo. M'caka ca 1917 nduna ya Angelezi, Arthur Balfour, inalemba kalata yakuti Boma lidzathandiza Ayuda kupeza kwao m'dziko la Palestine, limene Angelezi analikulanda kwa Aturuki. Koma dzikolo silinali bwinja. Aarabu analimamo minda yao kuyambira makolo, ndipo ndiwo anali ocuruka. Motero munda umodzi unakhala ndi eni ace awiri.

Hitler ataononga Ayuda ngati 6,000,000 ku Ulaya, otsala ambiri anathawira ku Palestine. Mu 1947 Bungwe la Mitundu Yonse linaweruza kuti dzikolo ligawidwe pawiri. Atsogoleri a Ayuda anabvomera. Aarabu anakana, poona kuti mbali yaikuru inapatsidwa kwa ocepa. Pa 14 May 1948 dziko la Israel linabadwa, nkhondo inakula, ndipo Aarabu ngati 700,000 anathawa kapena kupitikitsidwa m'midzi mwao osaloledwa kubwerera. Pa nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi mu 1967, Israel analanda Gaza, West Bank ndi kum'mawa kwa Jerusalem, nayamba kumanga midzi ya Ayuda m'malo olandidwawo.

Mlanduwu unagawanitsanso maiko atatu a kuno. Mu 1973 Zambia inadula ubale ndi Israel pamodzi ndi maiko ambiri a Afrika, niubwezera mu 1991. Dr Banda wa ku Malawi anakana kuudula. Zimbabwe inabvomereza dziko la Palestine mu 1988. Mu 2023 anyamata a ku Malawi anayamba kupita kukagwira nchito m'minda ya ku Israel, monga agogo ao anapitira ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni.

Mtendere unayesedwa ndithu. Egypt anapangana ndi Israel mu 1979, ndipo cipanganoco cakhalitsa. Mu 1993 Yitzhak Rabin ndi Yasser Arafat anagwirana canza pa Cipangano ca Oslo, koma mu 1995 Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzace wodana ndi cipanganoco. Pa 7 October 2023 gulu la Hamas linapha anthu ngati 1,200 m'dziko la Israel, nilitenga ena ngati 250 ukapolo. Nkhondo imene inatsata inagumula Gaza, nipha anthu zikwi makumi ambiri, akazi ndi ana omwe, kufikira pamene anapangana kuleka kuombana mu October 2025.

Kuleka kuombana sindiko kutha kwa mlandu. Mfundo zinai zatsala: malire adzapita pati, Jerusalem adzakhala wa yani, othawa aja adzabwerera kapena kulipidwa, ndipo midzi yomangidwa ku West Bank idzatani. Ku Oslo mfundo zomwezi anazikankhira m'tsogolo, ndipo ndizo zinagwetsa cipangano. Pa bwalo la mfumu mlandu wa munda suthera pa kuletsa ndeu. Uthera pamene malire aikidwa, eni ace onse awiri alikuona, nabvomera.